Seva yathu, mlandu wathu: mawu athu pa nkhani ya misonkhano ya pa vidiyo



Uthenga wa lerowu ndi wautali, koma musaope za bando, mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Werengani mpaka pansi, chifukwa nkhani yake ikukhudza nkhope yanu, mawu anu ndi nambala yanu ya foni.

Masabata apitawa pakhala mtsutso m'magulu athu. Ena akuti tisiye kuchitira misonkhano pa Zoom ndi Google Meet, tisiyenso kusunga timavidiyo ta malangizo pa mapulatifomu a eniake, tikhale ndi seva yathuyathu. Ena akuti zimenezo n'za anyamata a makompyuta, ndalama zake zichokera kuti, bwanji osangopitiriza ndi zomwe tazizolowera kale? Tamva mbali zonse ziwiri, ndipo maganizo athu ndi awa: seva yathu tikuifuna, koma aliyense adziwiretu kuti tsiku lomwe tidzaiyatse, udindo wosunga zinsinsi za anzathu udzachoka kwa kampani ya kunja n'kugwera pamutu pathu. Walira mvula walira matope.

*Seva n'chiyani kodi?*

Tisanapite patali, tigwirizane kaye pa mawu. Mukamaimba vidiyo ya anthu khumi, zithunzi ndi mawu anu sizingouluka kuchoka pa foni yanu kupita pa ya mnzanu. Zimadutsa pa kompyuta ina yomwe imakhala yoyaka usiku ndi usana, yolandira n'kugawira aliyense. Kompyuta imeneyo ndiye seva. Mwini wake amadziwa amene walowa, nthawi yomwe walowa, watenga mphindi zingati, ndiponso nambala ya IP yosonyeza netiweki yomwe walumikizira. Ngati msonkhanowo wajambulidwa n'kusungidwa pa intaneti, kanemayo amagona m'nyumba mwa mwini sevayo.

Ndiye funso lenileni n'loti: nyumba yomwe mawu athu akugonamo ndi ya ndani, ndipo wina akagogoda ndi kalata ya lamulo, atsegule chitseko ndani?

*Chifukwa chake sitikugona tulo ndi nyumba za eni*

Izi si nkhambakamwa ayi. Mu June 2020, Zoom inatseka maakaunti a anthu omenyera ufulu omwe ankakonza misonkhano yokumbukira zomwe zinachitika pa Tiananmen mu 1989. Ena mwa anthuwo sanali ku China nkomwe, anali ku America. Kampaniyo inavomera yokha kuti inachita zimenezo boma la China litapempha. Chaka chomwecho mu November, bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linagwirizana ndi Zoom kuti ikonze chitetezo chake, litaidzudzula kuti inkauza anthu kuti misonkhano yawo ndi yotsekedwa mwa njira ya end-to-end pomwe makiyi anali m'manja mwa kampaniyo.

Mawu oti end-to-end amenewa muwasunge. Tanthauzo lake n'loti uthenga umatsekedwa pa foni ya wotumiza n'kukatsegukira pa foni ya wolandira, moti ngakhale mwini seva sangaone zam'kati. Macheza a pa WhatsApp amatsekedwa chonchi. Koma ma Channel a pa WhatsApp ayi. Magulu wamba a pa Telegram nawonso ayi. Ndipo mu September 2024, patangopita mwezi umodzi mwini wake Pavel Durov atamangidwa ku France, Telegram inalengeza kuti izipereka manambala a foni ndi a IP kwa aboma akabwera ndi pempho lovomerezeka mwa lamulo.

Palinso lamulo la ku America la 2018 lotchedwa CLOUD Act, lomwe limalola akuluakulu a zamalamulo kumeneko kulamula kampani ya ku America kuti ipereke zomwe ikusunga, ngakhale sevayo ili m'dziko lina. Sitikunena kuti makampaniwa ndi afiti. Tikunena kuti ali ndi mabwana awo, malamulo awo ndi msika wawo, ndipo pakafika poti asankhe, ife sitili pamwamba pa mndandanda wawo.

Kunonso kwathu musaiwale kuti nambala ya foni si yachinsinsi ngati kale. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa m'dzina la munthu, potsatira lamulo la Communications Act la 2016. Mndandanda wa manambala ndi mndandanda wa mayina, mpaka chithunzi cha pa chiphaso cha unzika.

*Zida zilipo, ndipo n'zaulere*

Anzathu ofuna seva yathu akunena zoona pa mfundo imodzi: mapulogalamu ake alipo, ndipo sagulitsa. Jitsi Meet ndi ya misonkhano ya pa vidiyo, munthu amalowa ndi linki basi, osafunika akaunti kapena nambala ya foni. BigBlueButton inapangidwira makalasi a pa intaneti, ndi yabwino pa maphunziro. Nextcloud, ya ku Germany, imasunga mafayilo ndi mavidiyo, ndipo ili ndi mbali yoimbirana yotchedwa Talk. Element, yomwe imayenda pa njira ya Matrix, ndi ya macheza ndi mafoni. PeerTube, ya bungwe la Framasoft ku France, ili ngati kukhala ndi YouTube yako wekha. Onsewa mapangidwe ake ali poyera, aliyense wodziwa akhoza kuwasanthula, ndipo mukhoza kuwaika pa kompyuta yomwe mukuilamulira nokha.

Si zamasewera. Boma la France linapanga Tchap ya ogwira ntchito m'boma pogwiritsa ntchito Matrix, ndipo asilikali a Germany ali ndi BwMessenger yochokera ku njira yomweyo. Ngati maboma olemera akuona kuti n'kofunika kusunga nkhani zawo m'nyumba mwawo, ife sitikulakwa kuganiza chimodzimodzi.

Chenjezo limodzi pompano: kutsegula tsamba la meet.jit.si sikukhala ndi seva yathu. Imeneyo ndi seva ya kampani ya 8x8, eniake a Jitsi, ndipo kuyambira mu August 2023 woyambitsa msonkhano pamenepo amayenera kulowa ndi akaunti ngati ya Google. Pulogalamu ndi yomweyo, koma nyumba ndi ya eni.

*Tsono nawa matope aja*

Choyamba, seva ikhale kuti? Tikaiika m'chipinda cha mmodzi wa ife, magetsi athu mukuwadziwa, ndipo intaneti ya pakhomo singanyamule vidiyo ya anthu makumi atatu. Komanso chinthu chomwe chili m'chipinda chimanyamulika. Tikabwereka seva kunja, tizilipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja zomwe zikusowazi, wolipirayo asiya dzina lake ku banki, ndipo kampani yobwereketsayo imamvera malamulo a dziko lake. Mu October 2004, zosungira mafayilo za maseva a Indymedia, gulu la atolankhani odziimira paokha, zinatengedwa ku ofesi ya kampani ya Rackspace ku London, masamba pafupifupi 20 n'kuzima nthawi imodzi. Nkhani zinali zawo, koma chitseko anatsegula ndi wina.

Chachiwiri, seva imafuna mlonda. Mapulogalamu amapezeka ndi mabowo, eniake amatulutsa zigamba, ndipo pamafunika munthu woziika nthawi yomweyo, osati akamaliza mayeso. Tchap ya boma la France ija itangotulutsidwa mu April 2019, katswiri wina wa zachitetezo anapeza njira yolembetsera ngakhale sanali wa m'boma. Ngati boma lokhala ndi akatswiri olipidwa linaphonya, nanga ife odalira mnzathu mmodzi wongodzipereka? Seva yosasamalidwa ndi yoopsa kuposa Zoom, chifukwa Zoom ili ndi anthu olipidwa kuti asagone.

Chachitatu, pa Jitsi, msonkhano wa anthu ambiri umadutsa pa seva, ndipo ngati end-to-end sinayatsidwe, wolamulira sevayo ali ndi mpata woona zomwe zikudutsa. Ndiye kuti tachotsa chikhulupiriro kwa kampani n'kuchiika kwa admin wathu. Funso lowawa koma loyenera: nanga iyeyo akadzakangana nafe? Akadzaopsezedwa? Akadzapatsidwa envelopu? Sitikukayikira munthu, tikukonza dongosolo loti pasakhale munthu mmodzi wosenza zonse.

Chachinayi, seva siteteza foni yanu. Mu 2019 WhatsApp inapeza kuti mafoni a anthu pafupifupi 1,400, ena mwa iwo atolankhani ndi omenyera ufulu, anafuna kulowedwa ndi pulogalamu yaukazitape ya Pegasus kudzera pa kuimba kokha, ngakhale munthu osayankha. Ndipo tisanafike pa za Pegasus, foni yopanda loko yoiwalika mu minibasi imaulula zambiri kuposa kazitape aliyense. Sevanso siletsa munthu kujambula sikirini, kapena kuloza foni yachiwiri pa laputopu.

Chachisanu, intaneti ikazimitsidwa, seva yathu nayo sitingaifikire. Zimbabwe inazimitsa mu January 2019, Uganda mu January 2021. Pomwe atseka mapulatifomu ena okha, ngati momwe WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwera ku Zambia pa tsiku la chisankho la 12 August 2021, seva yathu ikhoza kupulumuka. Koma akazimitsa zonse, tonse tili mumdima umodzi.

*Lamulo silikuyang'ana boma ndi makampani okha*

Apa ndi pomwe ambiri a ife sitinaganizepo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo kuti mauthenga ake asasokonezedwe. Timalitchula kawirikawiri tikamadzudzula ena. Koma mu 2024 dziko lino linakhazikitsanso lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, ndipo MACRA ndi yomwe inapatsidwa udindo woliyang'anira. Ku South Africa kuli POPIA yomwe inayamba kugwira ntchito yonse pa 1 July 2021, ku Zambia kuli lamulo lawo la 2021, ndipo ku Ulaya kuli GDPR kuyambira pa 25 May 2018.

Malamulo onsewa mtima wake ndi umodzi. Wosonkhanitsa mayina, manambala, zithunzi kapena mawu a anthu akhale ndi chifukwa chomveka, awauze eniake, atenge zokhazo zofunika, asazigwiritse ntchito ina yomwe sananene, aziteteze, ndipo asazisunge mpaka kalekale. Mwiniwake ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani za ine. Ku Ulaya, maganizo a munthu pa ndale ali m'gulu la uthenga wofunika chitetezo chapadera, pamodzi ndi za umoyo ndi chipembedzo, ndipo zinthu zikatayika, wosungayo ali ndi maola 72 oti adziwitse oyang'anira. Chilango chake chimafika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zomwe kampani yapeza pa chaka. Mu May 2023, Meta, eniake a Facebook ndi WhatsApp, analipitsidwa mayuro 1.2 biliyoni chifukwa cha momwe ankatumizira uthenga wa anthu a ku Ulaya ku America.

Ife si Meta, ndipo palibe akutifuna mabiliyoni. Koma taganizani: vidiyo ya msonkhano wathu ndi chiyani? Ndi nkhope, dzina, mawu ndi maganizo a munthu pa nkhani za dziko, zonse mu fayilo imodzi. Muli mphunzitsi wa sukulu ya boma, muli namwino, muli wophunzira yemwe fizi akumulipirira ndi amalume ake, muli mlongo wathu yemwe abwana ake sakudziwa kuti Loweruka amakhala nafe. Fayilo imeneyo ikatuluka, si gulu lomwe lichotsedwe ntchito. Ndi iyeyo, payekha, ndi ana ake. Kukhala ndi seva sikutipanga kukhala otsatira lamulo. Kumangochititsa kuti zinthu zikalakwika tisakhale ndi wina womuloza chala.

Ndipo kawirikawiri zinthu sizilakwika chifukwa cha akazitape. Mu April 2020 nyuzipepala ya Washington Post inapeza mavidiyo masauzande a misonkhano ya pa Zoom ali pambalambanda pa intaneti. Sanabedwe. Eniake anawajambula okha n'kuwasunga pamalo opanda loko. Ifenso tidziyang'ane: ndi mafomu angati olembetsera omwe tinapanga, okhala ndi dzina, nambala ndi dera, omwe linki yake mpaka lero ikuzungulira? Ndi mavidiyo angati a misonkhano yakale omwe ali m'mafoni a anthu omwe anachoka kale m'gulu? Sitingaime pamsewu kufuna kuti ena alemekeze ufulu wathu pomwe ifeyo tikutayataya zinsinsi za anzathu ngati makoko a nzimbe.

*Ndiye tagwirizana izi*

1. Uthenga wa onse upitiriza kubwera pompano. Chilichonse cholembedwa pano chitengeni ngati chonenedwa pamsika: aliyense akhoza kuchiwerenga, ndipo ife sitiikapo chomwe sitingachinene pa wailesi.

2. Misonkhano ya makomiti isamukira pa seva yathu ya Jitsi, moyeserera kwa miyezi itatu. Chipinda chilichonse chizikhala ndi pasiwedi, linki yatsopano msonkhano uliwonse, ndipo wotsogolera azivomereza yekha wolowa. Tikaona kuti kuisamalira kukutikanika, tidzakuuzani poyera ndipo tidzaizimitsa. Nkhani zofunika chinsinsi chenicheni za anthu ochepa zizikambidwa pa Signal kapena maso ndi maso.

3. Misonkhano sijambulidwa. Izi ndiye lamulo lalikulu kuposa onse. Chomwe sichinajambulidwe sichingabedwe, sichingalandidwe, sichingatumizidwe molakwitsa ku gulu la mpingo. Mlembi azilemba zomwe tagwirizana, osati ndani wanena chiyani.

4. Pakafunika kujambula, monga pa maphunziro, tizinena tisanayambe, ndipo wosafuna azizimitsa kamera kapena kusintha dzina popanda kufunsidwa chifukwa. Kukhala chete si kuvomera.

5. Timavidiyo ta malangizo a m'kati tizifufutidwa pakatha masiku 14. Zolemba za seva zosonyeza olowa ndi manambala a IP tizisunga kwa masiku 7 okha, zothandizira kukonza zikavuta.

6. Mafomu athu azifunsa zochepa. Nambala ya chiphaso cha unzika sitifunsa, malo a ntchito sitifunsa, nyumba yomwe mumakhala sitifunsa. Wina akakufunsani zimenezi m'dzina lathu, kanani ndipo tidziwitseni.

7. Makiyi a seva azisunga anthu awiri osankhidwa ndi komiti, osati mmodzi. Mmodzi akachoka paudindo, mapasiwedi onse asinthidwe tsiku lomwelo, asiyane nafe bwino kapena moipa.

8. Aliyense ali ndi ufulu wofunsa zomwe tikusunga za iye ndi kupempha kuti tifufute. Tiziyankha pasanathe masiku 7. Simuyenera kufotokoza chifukwa.

9. Zinthu zikatayika kapena seva ikalowedwa, okhudzidwa tiwauza pasanathe maola 72, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Munthu wochenjezedwa msanga amatha kudziteteza. Wobisiridwa amangodzidzimuka zitamugwera.

*Kwa oti "ine ndilibe chobisa"*

Ifenso tilibe. Kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere ndi ufulu wolembedwa mu gawo 38 la malamulo aakulu a dziko, ndipo zomwe timafuna timazinena masana dzuwa likuswa mtengo. Sitikumanga seva kuti tibise mlandu. Chitseko cha kubafa chimatsekedwa ngakhale kusamba si mlandu.

Komanso chinsinsi chomwe chili mu foni yanu si chanu nokha. Mwina inu mulibe ntchito yoti ikutayikeni, mulibe abwana oti akuitanireni mu ofesi. Koma mu gulu lomwe mulimo muli manambala a anthu ena mazana, ndipo ena a iwo ali ndi zambiri zoti ataye. Paja khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Kulimba mtima kwanu kusakhale tsoka la mnzanu.

Ndiye usiku uno musanagone chitani zinthu zinayi. Ikani loko ya manambala osachepera 6 pa foni. Yatsani two-step verification pa WhatsApp. Fufuzani m'mafoni mwanu mavidiyo ndi maskirinishoti a misonkhano yakale, mufufute, muonenso ngati sanakwere okha ku Google Photos. Ndipo ngati munapangapo fomu yolembetsera anthu, itsekeni, muuze komiti kuti mndandandawo uli kuti.

Kwa anzathu odziwa za maseva: tikukufunani, koma tikufuna anthu oti adzakhalepo mwezi wachitatu, ntchito itayamba kutopetsa, osati a tsiku loyatsa lokha. Lankhulani ndi wotsogolera dera lanu maso ndi maso. Musalembe dzina lanu pagulu.

Anthu anatipatsa mayina awo chifukwa anatikhulupirira. Palibe anasaina pepala, palibe analandira risiti, anangolemba nambala n'kunena kuti mukandifuna ndiimbireni. Imeneyo ndi ngongole, ndipo tiibweza poisamala.

Tumizirani mnzanu yemwe amakonda kudina batani lojambula.

Tili limodzi.